Kompyuta ya Pakhomo Ikawonongeka: Mmene Mungapezere Wokonza Wodalirika mu Chipata

Okonza makompyuta mu Chipata muno alipo ambiri, ena ali ndi mashopu m'tauni, ena ku Kapata, ena amagwirira ntchito kunyumba kwawo ku Mchini kapena ku Kalongwezi. Mwa iwo muli akatswiri enieni, muli ophunzira kumene, mulinso amene amangodziwa kulowetsa Windows basi. Chikwangwani cha pakhomo sichingakuuzeni kuti uyu ndi uti. Wokonza wodalirika mumamudziwa ndi zinthu ziwiri: satchula mtengo asanafufuze vuto, ndipo amasamala mafayilo anu kuposa makinawo. Kuti muzione zinthu ziwirizi, ntchito iyambire kunyumba kwanu, makina asanachoke m'manja mwanu.

1. Yambani mwayesa nokha

Makompyuta ambiri amene amapita kwa okonza amakhala ndi vuto loti mwini wake akanatha kuliona. Yesani soketi ina. Onani ngati kagetsi ka pa chaja kapena ka m'mbali mwa laputopu kakuyaka. Ngati laputopu siikuyaka n'komwe, zulani chaja, chotsani batire ngati ndi lochotseka, dinikizani batani loyatsira kwa masekondi 30, kenako bwezerani chaja n'kuyatsa. Ngati ndi kompyuta ya patebulo, onani kaswichi ka kumbuyo pafupi ndi polowera chingwe cha magetsi, chifukwa ana amakonda kukasewera. Ngati fani ikumveka koma sikirini ili bii, lumikizani makinawo ku TV ndi chingwe cha HDMI. Chithunzi chikaoneka pa TV, kawirikawiri vuto limakhala pa sikirini kapena pa kachingwe kake, ndipo munthu asathamangire kukuuzani kuti motherboard (bolodi lalikulu lolumikiza zipangizo zonse za mkati) yapsa.

Uthenga uliwonse umene ukuoneka pa sikirini ujambuleni ndi foni. Lembaninso chimene chinachitika vuto lisanayambe: kodi malaiti a ZESCO anali atangobwera kumene, kunagwa mvula ya mphezi, makina anagwa pansi, kapena mwana anaikamo gemu kuchokera pa fulashi ya mnzake? Wokonza wabwino adzakufunsani zimenezi. Amene safunsa ndiye wayamba kale kuchita zongoganizira.

Pali zinthu zitatu zimene zikachitika simuyenera kuyesa chilichonse. Madzi kapena tiyi akatayikira pa kiyibodi, zimitsani pompo, zulani chaja, tembenuzani laputopu chozondoka ili yotsegula, ndipo musaiyatsenso kuti muone ngati ili moyo. Magetsi akadutsa ponyowa ndi amene amapsereza tizipangizo, ndipo kuikwirira mu mpunga sikuchotsa dzimbiri limene limayamba mkati. Chachiwiri, mukamva hadi disiki ikulira kuti kete kete, zimitsani, chifukwa nthawi iliyonse imene ikuzungulira mafayilo ena akuwonongeka. Chachitatu, batire likatupa mpaka kukankha kiyibodi kapena chivundikiro cha pansi, lekani kutchaja ndipo musalibowole, limatha kuyaka moto.

2. Pulumutsani mafayilo, tsekani zachinsinsi

Ngati makina akuyakabe, koperani zonse zofunika pa fulashi kapena pa hadi disiki yakunja musanawapereke kwa aliyense. Onani mafoda a Desktop, Documents, Pictures ndi Downloads, chifukwa anthu ambiri amaiwala Downloads pomwe ndi mmene mumakhala masatifiketi ndi makalata ofunsira ntchito. Akaunti ya Google imapereka malo aulere a 15 GB, okwanira zikalata zofunika kwambiri ngati muli ndi bando. Mukatha kukopera, tsegulani mafayilo angapo pa fulashipo kuti muone kuti akutsegukadi.

Kenako ganizirani zimene zili m'makinamo: zithunzi za NRC, mapepala a kubanki, zithunzi za banja, mapasiwedi amene Chrome yasunga, WhatsApp imene ili yolumikizidwa pa kompyuta. Tulukani mu imelo ndi mu Facebook, chotsani kompyutayo pa mndandanda wa zipangizo zolumikizidwa mu WhatsApp ya pa foni, ndipo pangani akaunti ina ya Windows yopanda kanthu yoti wokonza azilowera poyesa makina. Ntchito monga kusintha sikirini, kiyibodi, fani kapena polowera chaja sizifuna pasiwedi yanu ngakhale pang'ono. Dziko la Zambia lili ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu, la Data Protection Act la 2021, koma zithunzi zanu zikangofalikira m'magulu a WhatsApp, lamulo silingazibweze.

Chinthu china chimene chasowetsa anthu mtendere ndi BitLocker, njira ya Windows yokhomera disiki kuti munthu wina asawerenge mafayilo. Malaputopu ambiri atsopano amabwera disiki yake ili yokhomedwa kale mwini wake osadziwa, ndipo motherboard ikasinthidwa kapena disiki ikaikidwa m'makina ena, pamafunika kiyi ya manambala 48. Kawirikawiri kiyiyi imasungidwa mu akaunti ya Microsoft imene munalowera nayo pa kompyutayo. Ipezeni, muilembe pa pepala, musunge kunyumba. Popanda kiyiyi, ngakhale katswiri wa ku Lusaka sangatsegule mafayilowo.

Ngati makina sakuyaka, musataye mtima, chifukwa nthawi zambiri disiki imakhala ili bwino. Pemphani wokonza kuti aitulutse inu mukuona, aiike m'kabokosi kolumikizira pa USB, mukopere mafayilo anu pa makina ena. Pa makina ambiri ndi ntchito ya mphindi zochepa. Ngati vuto silikukhudza disiki, mungathe kupita nayo kunyumba, iye n'kutsala ndi makina okha. Koma malaputopu ena opyapyala disiki yake ndi yowotcherera pa motherboard ndipo siichoka.

3. Lembani zimene zili mkati

Kusinthanitsa zipangizo mobisa kumachitika chifukwa eni makina ambiri sadziwa zimene zili mkati. Jambulani chizindikiro cha pansi pa laputopu pamene pali nambala ya siriyo ndi mtundu wake. Pa Dell imalembedwa kuti Service Tag ndipo ili ndi zilembo ndi manambala 7. Dinikizani Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi, pitani pa Performance, jambulani kukula kwa RAM (kachipangizo kosunga kwa kanthawi zimene kompyuta ikugwirapo ntchito) ndi dzina la disiki. Kuti mudziwe mphamvu ya batire, tsegulani Command Prompt n'kulemba powercfg /batteryreport, ndipo lipoti lake lidzakuonetsani mphamvu imene batire linabwera nayo ndi imene latsala nayo. Jambulaninso sikirini, mahinji ndi m'makona monse kuti pasadzakhale mkangano wa ming'alu. Chaja ndi batire lochotseka zilembeni chizindikiro chanu ndi cholembera cha maka.

4. Kumene mungafunse

Funsani anthu amene amadyera kompyuta: aphunzitsi a makompyuta ku sukulu za sekondale, eni mashopu otaipa ndi kusindikiza mapepala, alembi a m'maofesi. Anthu amenewa makina awo amawonongeka pafupipafupi, ndiye amadziwa amene amakonza zokhalitsa. Musangofunsa kuti "Mukudziwa wokonza?" Funsani kuti, "Atakukonzerani, vuto linabweranso patapita miyezi ingati? Mutabwerera anakulandirani bwanji?" Munthu amadziwika bwino ndi mmene amachitira ntchito yake ikabwezedwa. Dzina limodzi likatchulidwa ndi anthu awiri kapena atatu osadziwana, yambirani kumeneko.

Ngati makina munawagula atsopano ndipo nthawi ya waranti siinathe, bwererani kumene munagula ndi risiti yanu munthu wina asanamasule sikuluwu ngakhale imodzi. Ngati ndi ogwiritsidwa kale ntchito, monga mmene alili malaputopu ambiri kuno, onani ngati wogulitsa analemba masiku a chitsimikizo pa risiti.

Dziwaninso kuti ntchitoyi ili ndi magulu. Wina amadziwa mapulogalamu okha, wina amasintha zipangizo zathunthu monga sikirini ndi batire, ndipo ochepa kwambiri ndi amene amatha kupeza kachipangizo kakang'ono kopsa pa motherboard n'kukasintha. Wokonza mafoni si wokonza makompyuta ayi, ngakhale ena amatha zonse. Satifiketi ya ku koleji yovomerezeka ndi TEVETA ndi chinthu chabwino, monganso dzina la bizinesi lolembetsedwa ku PACRA, chifukwa munthu wotero sasowa msanga zinthu zikavuta. Komabe ife timakhulupirira kwambiri zimene maso akuona pa tebulo lake. Pakhale multimeter, kachida koyezera magetsi. Masikuluwu akhale m'tizotengera, osati mbwee pa tebulo. Makina alionse a kasitomala akhale ndi kapepala ka dzina. Pakhale buku lolembamo ntchito. Malaputopu akhale pa shelefu, osati ounjikana pansi m'fumbi. Funsaninso chimene amachita malaiti akathima, chifukwa magetsi akaduka BIOS (kapulogalamu ka mu motherboard koyambitsa makina) ili mkati mosinthidwa, makina amatha kufa osadzukanso.

5. Mafunso a pa kauntala

Fotokozani zimene mwaona, osati zimene mukuganiza kuti ndilo vuto. Mukanena kuti "ndikuona ngati ndi motherboard", mwamupatsa kale mtengo waukulu. Nenani kuti, "Achimwene, ikumazima yokha ikagwira ntchito theka la ola, ndipo pansi pake pakumatentha." Kenako funsani: "Kufufuza vuto mumalipiritsa zingati? Ndikavomera kuti mukonze, ndalama imeneyo idzachotsedwa pa mtengo wonse? Mukonza nokha kapena mutumiza kwina? Mundiimbira musanasinthe chilichonse?"

Yankho labwino limamveka motere: "Amayi, isiyeni ndiitsegule ndione, mawa ndikuimbirani kukuuzani chimene ndapeza ndi mtengo wake, sindigula kanthu musanavomere." Munthu amene amavomera kuti ntchito ina saitha, n'kukutchulirani mnzake woitha, ameneyo musungeni.

Mawu awiri ayenera kukuchenjezani. Oyamba ndi akuti "tingoifomata". Kufomata kompyuta, kutanthauza kufufuta zonse za pa disiki n'kulowetsanso Windows, chifukwa choti ikuchedwa kuli ngati kutentha nkhokwe chifukwa mwalowa khoswe. Nthawi zina kulowetsanso Windows n'kofunikadi, koma kumabwera pomaliza, mafayilo atakoperedwa, disiki itayezedwa, inu mutavomera. Ngati disiki ndi imene ikufa, kufomata kumangobisa vuto kwa masabata ochepa, mafayilo atapita kale. Mawu achiwiri ndi akuti "motherboard yapsa" onenedwa makina asanatsegulidwe. Funsani kuti wayeza chiyani. Wodziwa ntchito adzakuuzani kuti wayesa chaja china, wayeza ngati magetsi akulowa, wachotsa RAM n'kuyesa ina, ndipo akhoza kukulozerani pamene papsa.

6. Mavuto ofala ndi zimene wokonza woona mtima amachita

Kutentha ndi kuzima yokha ndi vuto la nyengo ya fumbi, makamaka kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala. Fumbi limaunjikana pakati pa fani ndi tizitsulo totulutsira kutentha mpaka kupanga ngati kabulangete. Kupopera mphepo kunja kokha sikukwanira. Makina atsegulidwe, fani ichotsedwe n'kutsukidwa, phala lakale lotengera kutentha la pa purosesa lipukutidwe, apake latsopano pang'ono. Akamaliza, purosesa isamangokhala pamwamba pa madigiri 90 ikamagwira ntchito wamba. Ndipo inu lekani kuika laputopu pa bedi kapena pa pilo, chifukwa mabowo olowera mphepo ali pansi.

Kuchedwa nthawi zambiri si vayirasi. Pa makina akale, chochedwetsa chachikulu ndi hadi disiki yozungulira ija ndi RAM ya 4 GB. Pemphani ayeze disiki ndi pulogalamu yaulere ya CrystalDiskInfo inu mukuona. Ikalemba Caution kapena Bad, disiki isinthidwe. Kuika SSD (disiki yachangu yosazungulira) ya 256 GB kapena 512 GB ndi kukweza RAM kufika 8 GB kumasintha makina kuposa china chilichonse chimene mungalipire. Koma zipangizo zigwirizane. RAM ya mtundu wa DDR3 ndi ya DDR4 sizilowa m'malo amodzi, ndipo malaputopu ena amafuna DDR3L ya mavoti 1.35. SSD nayo ilipo ya SATA ya mainchesi 2.5 ndi ya M.2 yooneka ngati kachikwapu kafupi, ndipo si malo onse a M.2 amene amalandira ya NVMe. Pulogalamu yomweyo imaonetsa maola amene disiki yagwirapo ntchito, ndiye SSD imene mwauzidwa kuti ndi yatsopano isaonetse maola masauzande.

Kusatchaja kuyambire pa chaja, kenako polowera chaja, kenako batire, motherboard pomaliza. Werengani zolembedwa pa chaja chanu chakale: malaputopu ambiri a HP ndi Dell amafuna mavoti 19.5, a Lenovo 20, a Acer 19. Chaja chatsopano chikhale cha mavoti omwewo, ndipo mawati ake, kaya 45, 65 kapena 90, asachepere pa a chakale. Machaja a Dell ndi HP a pulagi yozungulira ali ndi kasingano pakati kamene kamauza makina mtundu wa chaja. Kasinganoko kakathyoka kapena chaja chikakhala chachinyengo, laputopu imatha kuyaka koma batire osadzaza, ndipo anthu amagula batire latsopano pachabe.

Kompyuta imene imaiwala tsiku ndi nthawi ikazimitsidwa, mpaka masamba a pa intaneti kukana kutseguka, imangofuna kabatire kozungulira ka CR2032 ka mavoti 3. Ndi kotsika mtengo.

Kompyuta ya patebulo ikafa malaiti atangobwera kapena kutagwa mphezi, kawirikawiri chimene chimapsa ndi bokosi lolandira magetsi, ndipo limasinthidwa palokha. Wokonza ayese lina asanaweruze motherboard. Mukaitenga, gulani chotetezera magetsi kapena UPS (kabokosi ka batire kopitiriza kupereka magetsi malaiti akathima), ndipo nyengo ya mvula, kuyambira Novembala mpaka Epulo, muzizula mapulagi kukayamba kugunda. Malaiti akathima zulaninso, mudikire mphindi zingapo akabwera musanalumikize.

7. Zonse zilembedwe

Musasiye makina popanda kapepala. Palembedwe tsiku, nambala ya siriyo, zimene mwasiya monga chaja ndi chikwama, vuto limene mwafotokoza, mtengo wofufuzira, ndi mawu akuti disiki isafufutidwe popanda chilolezo chanu. Akakuimbirani kukuuzani mtengo, pemphani aulembe pa WhatsApp kapena pa SMS, mtengo wa chipangizo pawokha, wa ntchito pawokha.

Zipangizo zambiri monga masikirini, makiyibodi ndi mabatire a mtundu wosowa zimaitanitsidwa ku Lusaka, makilomita oposa 550 kuchokera kuno, n'kubwera pa basi. Choncho kupempha ndalama ya chipangizo pasadakhale si chinyengo. Lipirani ya chipangizo yokha, ya ntchito mudzalipire mukayesa makina. Kulipira kudzera pa MTN kapena Airtel Money kumasiya umboni. Funsani ngati chipangizocho ndi chatsopano kapena chochotsedwa m'makina ena. Chochotsedwa m'makina ena si choipa, nthawi zina sikirini yoteroyo imaposa yatsopano yachinyengo, koma mtengo ugwirizane ndi chimene chili. Batire lokha ndi disiki ndi zimene sitilangiza kugula zakale. Gwirizanani masiku a chitsimikizo, ngakhale 30 okha, alembedwe pa risiti, ndipo munene pachiyambi kuti zipangizo zochotsedwa mudzazitenga, makamaka disiki yakale, chifukwa mafayilo anu akadali momwemo.

Za Windows, malaputopu ambiri a makampani odziwika opangidwa kuyambira nthawi ya Windows 8 ali ndi laisensi yosungidwa mu motherboard, ndipo mtundu womwewo wa Windows ukalowetsedwanso umavomerezeka wokha pa intaneti. Musalipire laisensi imene muli nayo kale. Kanani mapulogalamu othyoledwa, chifukwa tizida tothyolera timafuna kuti chotetezera mavayirasi chizimitsidwe, ndipo mavayirasi ambiri amalowera pomwepo. Ngati mulibe laisensi ya Office, LibreOffice ndi yaulere ndipo imatsegula mafayilo a Word ndi Excel. Microsoft Defender imene imabwera ndi Windows ndi yokwanira pa makina a pakhomo.

8. Potenga makina

Khalani pansi pa shopupo mphindi 15 kapena 20 musanalipire. Yatsani, zimitsani, yatsaninso. Fananizani RAM ndi dzina la disiki ndi zithunzi munajambula zija. Tsegulani Notepad mudinikize mabatani onse. Yesani Wi-Fi, masipika, kamera, malo onse a USB, ndi kutchaja. Tsegulani ndi kutseka laputopu kangapo muone ngati sikirini ikuphethira, tembenuzani muone ngati masikuluwu onse abwerera. Ngati vuto linali kutentha, seweretsani vidiyo nthawi yonseyo. Tsegulani mafayilo anu. Mukafika kunyumba, chotsani akaunti munapangira wokonza ija ndipo sinthani pasiwedi ya imelo ngati munali musanatulukemo.

9. Okonza a pa foni ndi pa intaneti

Pa sikirini pakatulukira uthenga wofiira wakuti kompyuta yanu yagwidwa ndi vayirasi, imbani nambala iyi, musaimbe. Microsoft siimbira anthu foni kuwauza za mavayirasi, ndipo mauthenga ake enieni sakhala ndi nambala ya foni. Tsekani Chrome kapena zimitsani makina. Mapulogalamu monga AnyDesk ndi TeamViewer amalola munthu kuyendetsa kompyuta yanu ali kutali. Ndi othandiza ngati muli ku Katete, Lundazi kapena Petauke ndipo wokonza amene mumamudziwa maso ndi maso ali mu Chipata, koma khalani pomwepo mukuona zimene akuchita, ndipo akamaliza chotsani pulogalamuyo. Palibe ntchito yokonza kompyuta imene imafuna PIN ya ndalama za pa foni kapena nambala yotsimikizira imene banki yakutumizirani.

10. Zikavuta, ndi pamene kukonza kulibe phindu

Vuto likabweranso m'masiku a chitsimikizo, bwererani ndi risiti makinawo asanatsegulidwe ndi munthu wina, apo ayi aliyense adzaloza mnzake. Lankhulani mwaulemu, mupatseni tsiku loti amalize, mulembe pa meseji. Akakana, dandaulo lingapite ku Competition and Consumer Protection Commission, bungwe la boma loteteza ogula lomwe limagwira ntchito pansi pa lamulo la 2010. Makina akasowa kapena zipangizo zikabedwa, imeneyo ndi nkhani ya kupolisi, ndipo nambala ya siriyo ndi zithunzi zija ndizo adzakufunsani.

Musanavomere ntchito yaikulu, funsani mtengo wa makina ofanana nawo ogwiritsidwa kale ntchito. Kukonza kukapitirira theka la mtengo umenewo, makamaka ngati ndi motherboard ya makina akale, ndalamayo ndi bwino kuisunga. Ganiziraninso kuti Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 mwa nthawi zonse pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 imafuna TPM 2.0 (chipangizo cha chitetezo cha mkati mwa makina) ndi purosesa yatsopanoko, kwa Intel kawirikawiri kuyambira m'badwo wa 8. Makina akale kuposa pamenepo angathebe kuthandiza mwana wa sukulu kulemba ndi kuwerenga ataikidwa SSD ndi Linux Mint, pulogalamu yolowa m'malo mwa Windows, koma si oti muwawonongere ndalama ya motherboard. Mukasankha kuwagulitsa kwa wokonza kuti achotsemo zipangizo, tulutsani disiki mupite nayo kunyumba, RAM ndi chaja mugulitse pazokha.